Mapepala Amene Ndinaponya pa Moto wa Maliro

Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo sindibisa. Aliyense amene tinakhala naye ku Kabwata angakuuzeni. Ndinamenyanapo ndi kondakitala wa minibasi chifukwa chondiponda nsapato. Ndinachotsedwapo mu komiti ya kutchalitchi nditamenya tebulo mpaka kapu ya abusa kugwa. Zimenezo ndimazikamba ndikuseka, anzanga n'kumasekanso. Koma ilipo nkhani imodzi imene sindinaikambepo moseka, ndipo kwa zaka zambiri sindinkaikamba n'komwe. Ndi ya mwana wanga woyamba, wamkazi, ndi mapepala ake a kemisitiri.

Zinachitika zaka zija zipani zitangochuluka, makampani a boma akugulitsidwa ngati tomato wotsala madzulo kumsika wa Soweto. Kampani imene ndinkagwirako ukalaliki inapita nawo pamenepo. Anatipatsa makalata, n'kutiuza kuti dziko latseguka, aliyense adzionere yekha. Ine ndinadzionera pampando wa pakhonde. Mkazi wanga ndiye anayamba kutidyetsa, akugulitsa salaula kumsika, zovala zakaunjika zija zobwera m'mabelo. Mwamuna amene anazolowera kuchoka m'mawa atamanga tayi, mukam'khazika pakhomo amayamba kufunafuna chinthu choti azinyadira. Changa chinapezeka: mwana wanga anasankhidwa kupita ku yunivesite.

Dzina lake litatuluka m'nyuzipepala, ndinayenda nayo nyuzipepalayo mzere wonse wa nyumba zathu mpaka inang'ambika mopinda. Aliyense ndinkamuuza chimodzimodzi, kuti m'nyumba mwanga mwatuluka dokotala. Mwanayo anayesa kundiwongola tsiku lomwelo. Iye anabadwira mu Lusaka, amalankhula Chinyanja cha m'tauni, osati Chichewa chimene ine ndinabwera nacho kuchokera ku Katete.

"Ba dadi, sibananisankhe udokota," anatero. "Banisankha chabe ku sayansi. Chaka choyamba tiphunzila tonse pamodzi, ndiye kumapeto basankha bang'ono bamene bapasa pamwamba. Benangu bonse bayenda kwinangu."

"Ndiye iwe ukhala pansi? Unakhalapo pansi liti iwe? Chiyambire sukulu nambala wanu."

"Kuja bonse benze ba nambala wanu kumasukulu kwao."

Ndinaseka, n'kumuuza kuti asamadzichepetse ngati mwana wamasiye. Mawu akewo ndinawamva bwino lomwe, koma sindinawalole kulowa.

Patapita milungu ingapo mkazi wanga anapeza m'belo jekete loyera lalitali, la mtundu umene amavala kuchipatala. Iye ankati aligulitse kwa odula nyama. Ine ndinalilanda, n'kupita nalo ku Kamwala kwa telala wina wachikulire, Msilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi, kuti asokere pathumba zilembo ziwiri za udokotala ndi ulusi wobiriwira. Anandifunsa kuti mwanayo ali chaka chachingati. Nditati choyamba, anavula magalasi.

"Achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ngwa mphepo."

"Ndabwera kudzasoketsa, sindinabwere ku ulaliki."

Anasoka. Jeketelo ndinalipachika pabalaza, pamsomali pamene panali kalendala, kuti aliyense wolowa alione.

Kuyambira pamenepo dzina la mwana wanga linafa. Mzere wonse unkamuitana kuti ba dokota. Loweruka, tsiku limene akanawerenga, anthu ankabwera ndi makadi awo a kukiliniki, ndipo ine ndinkam'tulutsa kuchipinda kuti adzawaone. Mayi wina wa miyendo yotupa anakhala pampando wanga ola lathunthu akufotokoza. Mwanayo anagwada n'kunena kuti, "Ba mayo, ine nikalibe kuphunzila za bantu. Nadulako chabe chule." Mayiyo anati ngakhale chule ali ndi miyendo. Ine ndinaseka kuposa onse. Atachoka ndinam'kalipira mwanayo kuti wandichititsa manyazi, akanangowauza kuti achepetse mchere.

Zimene ankakumana nazo kusukuluko ndinadzazidziwa mochedwa, zambiri kuchokera kwa mayi ake. Malo ogona sanapeze, choncho ankachokera kunyumba: minibasi imodzi kuchoka ku Kabwata kufika m'tauni, ina kuchoka m'tauni kutsata msewu wa kum'mawa. Akachedwa pang'ono ankapeza holo yadzaza, n'kumamvera phunziro ali pawindo, kope atalitsamiritsa kukhoma. Mayeso oyamba a fizikisi analephera, munthu amene chibadwire anali asanalepherepo kanthu. Anafika kunyumba n'kusanza kuseri kwa bafa, ine n'kumati ndi malungo. Anawonda mpaka siketi kumaimanga ndi pini. Wina wa m'kalasi mwawo, amene anali katswiri kumene anachokera, anangosiya pakati pa chaka osatsazika. Ine nzeru yanga panthawiyo inali imodzi, yakuti wanzeru sawerenga kwambiri. Ndinkamuuza kuti ine Fomu Faifi ndinakhoza ndikusewera mpira.

Chovuta kwambiri chinali mabuku. Buku lalikulu la kemisitiri linali losowa. Ku laibulale ankabwereketsa kwa maola awiri okha, wina ali kale pamzere kudikira. Ndiye anawo anapeza njira yawo. Anagwirizana anayi, aliyense n'kutenga phunziro limodzi: wina masamu, wina fizikisi, wina bayoloje. Wanga anatenga kemisitiri chifukwa ankalemba mwachangu. Akalipeza bukulo maola awiriwo, ankakopa ndi dzanja, kufupikitsa, kuwonjezera zimene aphunzitsi ananena, ndi mafunso a zaka zam'mbuyo pamodzi ndi mayankho ake. Atachita zimenezi miyezi isanu ndi umodzi, mapepala anadzaza fayilo yabuluu yonenepa ngati Baibulo la paguwa. Mayeso akayandikira, mafayilo anayiwo ankazungulira, aliyense masiku ake. Fayilo yabuluu ija ndinkaiona tsiku lililonse patebulo. Sindinafunsepo kuti muli chiyani.

Kutatsala milungu iwiri kuti mayeso a kumapeto ayambe, amalume anga anamwalira ku Chelstone. Ndiwo anandilandira mu Lusaka ndili wachinyamata, anandipezera ntchito, anandiimira paukwati. Maliro a m'tauni muno amayenda chonchi: mipando yonse panja, azimayi m'nyumba atakhala pansi, azibambo pansi pa tenti kuzungulira moto wa zipika umene suzima mpaka munthu ataikidwa. Abale a ku Katete ankadikiridwa, ndiye zinadziwika kuti tikhala masiku anayi.

Ndikuvala nsapato, mwana wanga anabwera n'kugwada pakhomo la chipinda.

"Ba dadi, nipempako. Nibwele chabe siku yoika. Nasala na masiku yang'ono."

"Agogo ako amwalira kangati?"

"Niziba, koma mayeso…"

"Tenga chitenje."

Mayi ake analowererapo. "Abambo, mwanayu ali pankhondo. Musiyeni abwere tsiku loika, ine ndigwira ntchito za awiri." Ndinawayankha kuti kudyetsa nyumba sikulamula nyumba. Kunena zoona, si amalume okha amene ndinkawaganizira. Ndinkafuna kuti abale a kumudzi amuone dokotala wanga. Jekete lija sindinalitenge, koma maganizo olitenga anandifikira.

Kumaliroko anam'phatikiza ndi atsikana anzake ndi azimayi achitsikana, kutunga madzi, kudula ndiwo, kutsuka mbale za anthu osatha. Masiku awiri anagwira osadandaula. Ine ndinkam'lozera aliyense wofika.

Apa ndifotokoze za chimbuya, kwa amene sanakhaleko kuno. Ife a kum'mawa ndi Abemba timaitanana kuti mbuya, ndipo tili pachibale chotonzana. Pamaliro athu iwo ndi amene amagwira ntchito zolemetsa, komanso ali ndi ufulu wotinena chilichonse, kutipaka ufa kumaso, kunyoza ngakhale womwalirayo, kuti anamfedwa asekeko. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani. Lamulo lake ndi limodzi: sukwiya. Wokwiyira mbuya ndi chitsiru. Izi ndinkazidziwa kalekale, ndipo pamaliro a Abemba ine ndinali mmodzi wa akuthwa pakamwa.

Tsiku lachitatu, dzuwa litakwera, mkulu wina wa Chibemba wa ku Luapula, woyandikana nyumba ndi amalume, anatulukira kuseri atanyamula chipika paphewa. Asanachitule anayamba kufuula.

"Mwe bantu! Bwelani muone ba dokota ba kum'mawa! Bali kuseli kwa nyumba na buku yaikulu so. Bafuna kuukisa ba malume!"

Anthu anaseka. Iye anandiyang'ana ine.

"Shani mbuya? Mwana wako afuna kuziba mbeba ili na mafupa yangati? Ise tilila, eve abelenga. Olo imwe ba kum'mawa mumalila na mapepala?"

Onse anatembenukira kwa ine kudikira yankho, chifukwa ndi mmene chimbuya chimayendera. Yankho linalipo, lapafupi. Ndikanangoti akuphunzira mmene angachotsere mchira wa nyani pakhosi pa Mbemba, anthu akanaseka, nkhani n'kutha. Koma pakati pa osekawo panali abale a kumudzi amene anafika m'mawa womwewo, ndipo azakhali ena amene ankadutsa ndi ketulo anapukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti ana a m'tauni salira maliro. Magazi anandikwera kumutu. Mbuyayo sindikanam'khudza, mwambo unandimanga manja. Ndiye mkwiyowo unafuna kwina kotulukira.

Mwana wanga ndinam'peza atakhala panjerwa, pakati pa mpanda ndi khola la nkhuku. Pambali pake panali beseni la mbale zotsuka kale, zosanjikiza bwino. Ntchito yake anali atamaliza. Izi ndinaziona, sindinganame kuti sindinazione. Fayilo inali pamaondo, theka ataiphimba ndi chitenje, milomo ikuyenda, chala chikutsata mzere. Sanandimve ndikubwera. Ndinailanda, ndinadutsa nayo pakati pa azimayi ophika, ndinafika patenti, ndinaiponya pakatikati pa moto.

Chikuto chinakwinyika nthawi yomweyo. Mapepala anatukuka ngati akufuna kuthawa, kenako anagwira. Mbuya uja anataya chipika chake n'kuyamba kutokosa ndi mtengo, utsi ukum'lowa m'maso. Anatulutsa kachitsulo komangira ndi timapepala tingapo takuda.

"Iwe mbuya, wapenga? Nenze kuseka chabe!"

Mwana wanga anali atanditsatira. Anaima m'mphepete mwa tenti, poti mkazi safika pamoto wa azibambo. Sanalire. Anangoti, "Ba dadi, si yanga neka." Anatembenuka n'kukanyamula beseni lake. Ine ndinakhala pansi n'kunena mokweza kuti m'banja mwathu maliro ndi maliro. Ngakhale azakhali aja anayang'ana kumbali.

Titaika maliro n'kubwerera ku Kabwata, mkazi wanga anandipeza pakhonde. Anali akusankhula zovala zoti apite nazo kumsika, ndipo analankhula osaleka ntchito yakeyo.

"Abambo, mukudziwa chimene munatentha?"

"Mapepala."

"Miyezi isanu ndi umodzi ya mwana wanu. Ndi ya ana a eni atatu."

Ndi pamene anandifotokozera za buku la maola awiri, za anayi aja, za mafayilo ozungulira. Anati Lachisanu ndi tsiku loti fayilo ipite kwa mnzake. Ndinati alembanso, dzanja ali nalo. "Ndi buku la maola awiri? Kwatsala masiku khumi," anatero. Ndinakalipa kuti m'nyumba muno aliyense wasanduka woweruza. Ndinanyamuka n'kuyenda wapansi mpaka ku Libala ndi kubwerako, ndikukangana ndekha mumsewu ngati wamisala.

Lachisanu masana mnzake uja anabwera, mtsikana wamfupi wolankhula mofulumira, amene m'gulu mwawo anatenga bayoloje. Ine ndinali kuchipinda. Pakati pa chipinda ndi balaza panali katani basi.

"Shani mwana. Nabwela kutenga kemisitili."

"Naitaya."

"Wataya shani?"

"Naiibala mu minibasi, pobwela ku malilo."

Kenako ndinamva mpando ukukhuluzika.

"Iwe, uli kuseka? Ine sininalembeko olo peji imozi ya kemisitili, nenze kudalila iwe! Fayilo yonse ija, uibala monga ambulela? Manje tizachita bwanji?"

"Nikhululukile."

Mtsikanayo anayamba kulira. Wanga ananena mawu omwewo katatu. Ine ndinali nditakhala pabedi, nsapato zili kumapazi. Kuchoka pamene ndinali kufika pabalaza panali mapazi anayi. Munthu amene ndinamenyana ndi kondakitala chifukwa cha nsapato, ndinalephera kutukula katani. Ndinakhala pomwepo mpaka ndinamva chitseko chikutsekedwa. Pa zonse zimene ndinachita, chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimenechi, kuposa moto uja. Pamoto ndinali wokwiya. Kuseri kwa katani ndinali ndi nzeru zanga zonse.

M'mawa mwake mwanayo anapita ku Woodlands n'kubwera ndi makope a kemisitiri a wophunzira wa gulu lina. Anam'bwereka kwa masiku awiri okha, Lolemba m'mawa abweze. Koma masiku omwewo ndi amene fayilo ya fizikisi inali m'manja mwake, ndipo akanaiphonya sakanaionanso. Ndinam'peza ataziyala zonse patebulo, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene nyumba ziwiri zikum'psera.

"Bweretsa kuno," ndinatero, maso ali kukhoma. "Ine ndinali kalaliki zaka makumi awiri."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kundikankhira makopewo. M'katoni ya zinthu zanga za kuofesi munali mapepala a kaboni. Ndinasanjikiza kuti ndikalemba kamodzi zituluke zitatu, anzake apezeko. Ndinakhala patebulo, pansi penipeni pa jekete loyera lija, ndili ndi chikhulupiriro chakuti pofika Lamlungu masana ndikhala nditamaliza. Dzanja langa linkatamandidwa kuntchito.

Tsamba loyamba linanditengera ola. Sizinali ziganizo zoti munthu agwire m'mutu n'kulemba. Zinali zilembo zokhala ndi timanambala pansi, tina pamwamba, mivi yoloza kutsogolo ndi yobwerera, ndi timabokosi ta makona ngati zisa za njuchi, tolumikizana ndi timizere, pena umodzi, pena iwiri. Sindinamvepo kanthu, ine wa Fomu Faifi wosewera mpira. Ndinkakopa ngati mwana wojambula chithunzi, diso pakope, diso papepala. Kuti zidutse pa kaboni ndinkadinikiza cholembera, ndipo pofika madzulo chala chinali ndi thuza. Lamlungu kutchalitchi sindinapite. Mayi wa miyendo yotupa uja anagogoda kufuna ba dokota, ndinam'bweza pakhomo, ndipo kanali koyamba kuti ndibweze munthu. Dzanja litatupa mkazi wanga analikulunga ndi kansalu konyika m'madzi ofunda, n'kubwerera kukhitchini.

Lolemba m'mawa ndinali ndisanafike ngakhale pakati. Ndipo makopewo anali opyapyala poyerekeza ndi fayilo ndinatentha ija. Pamenepo ndi pamene zinandilowa. Zimene ine ndinalephera kungokopa, mwana wanga ankayenera kuzimvetsa, kuzisunga m'mutu, pamodzi ndi maphunziro ena atatu, n'kuposa mazana a anzake amene nawonso anali a nambala wanu. Ndipo ine Loweruka lililonse ndinkam'tulutsa kuti adzaone miyendo ya anthu.

Masana a tsikulo ndinam'peza ali ndi cholembera chofiira, akudutsa m'mapepala anga. Zisa zina za makona asanu ndi limodzi ndinazijambula ndi makona asanu. Timanambala toyenera kukhala pansi ndinatikweza pamzere kuti tioneke bwino, ngati ndikulemba kalata. Anati zikatero ndiye kuti ndi mankhwala ena, osati amene akunenedwa. Anakonza makope onse atatu asanapereke kwa anzake, ndipo zinam'dyera theka la tsiku limene analibe. Atamaliza anati, "Zikomo ba dadi. Mulemba bwino." Ndikanakonda akananditukwana.

Mayeso analemba. Tinadikira. Tsiku limene mayina anamatidwa pabolodi anapita yekha, anakana kuti ndim'perekeze. Anabwera masana, anatipatsa moni monga mwa masiku onse, anapita kumsomali uja, anatsitsa jekete, analipinda n'kukaliika m'sutikesi mwake. Mayi ake anazindikira pomwepo, anakhala pansi. Mnzake wa bayoloje uja dzina lake linalipo. Wanga anaperewera pang'ono. Masamu, fizikisi ndi bayoloje anakhoza bwino. Chimene chinam'gwetsa ndi kemisitiri, phunziro limene anzake onse ankadalira iye. Anam'patsa malo ku maphunziro a uphunzitsi wa sayansi.

Mungaganize kuti pamenepo ndinaphunzira kutseka pakamwa. Ayi. Anthu a mumzere atayamba kufunsa, ndinawauza kuti kumeneko kuli kukondera, amasankha ana a ku Kabulonga, mwana wa mmphawi alibe mwayi. Ndinalibe umboni ngakhale umodzi, ndipo mnzake amene anasankhidwa uja bambo ake ankakonza nsapato. Ndinalalikira bodza limeneli kometera, pamalo okwerera basi, pabwalo la tchalitchi, miyezi yambiri, mpaka ndinatsala pang'ono kulikhulupirira. Anthu sanasiye kumuitana kuti ba dokota, ena mwachisoni, ena monyoza. Iye ankayankha nthawi zonse. Dzina limenelo ndinam'patsa ndine, koma analisenza yekha.

Anamaliza maphunziro ake, anayamba kuphunzitsa kemisitiri ku sekondale, anakwatiwa, anakhazikika ku Libala. Mnzake uja anakhaladi dokotala, ndipo ubwenzi wawo sunathe. Koma nkhani ya fayilo inasanduka nthabwala yake. Paliponse pamene tinkakumana, paukwati, pachikondwerero, ankati, "Uyu musamupase mwana kunyamula mu minibasi, azamuibala." Anthu ankaseka, mwana wanga n'kusekanso nawo. Ine ndinkayang'ana m'mbale.

Lamlungu lina masana tinasonkhana ku Libala, mdzukulu wanga atabatizidwa. Tiyi atagawidwa, dokotala uja ananyamula khandalo n'kuyambanso.

"Iwe kamwana, uchenjele na ba mami bako. Bakakwela na iwe minibasi, gwila chitenge zolimba. Banataya kemisitili ya bantu folo!"

Sindikudziwa chimene chinasiyana tsikulo. Mwina ndi ukalamba. Ndinaika kapu pansi.

"Sanaiwale mu minibasi. Ndinaitentha ine. Ndinaiponya pamoto pamaliro a amalume, anthu akuona. Ndipo tsiku limene unabwera kudzaitenga, ndinali kuseri kwa katani, ndinamva zonse."

Dokotala uja anatembenukira kwa mwana wanga. "Ni zoona?"

"Ni zoona."

"Iwe! Zaka zonse izi nakunena, iwe uli chabe zii?"

"Nikanakuuza chani? Ati ba dadi banga bapenga?"

Wina anaseka pang'ono n'kudzigwira. Mkamwini wanga anatenga khanda n'kutuluka nalo panja, ati likapitidwe mphepo. Mkazi wanga anapitiriza kumwa tiyi wake ngati munthu amene wadikira basi nthawi yaitali ndipo yafika iye atatopa kale.

Alendo atachoka ndinam'peza mwanayo akusita zovala za mawa lake. Ndinaima pakhomo.

"Ukanapita ku udokotala?" ndinafunsa.

Sananamizire kuti sanamve funso. "Siniziba, ba dadi. Benangu benze na mafayilo yao yonse koma sibanapite. Ine ninapelebela mu kemisitili. Vonse vibili ni voona."

"Ndinalakwa."

"Ee. Munalakwa."

Ndinadikira kuti awonjezere kuti zinapita, monga amanenera anthu. Sanawonjezere. Kusazungulira mawu anatengera ine, moto wokha ndi umene sanatengere.

Pampando panali jekete loyera, losita kale. Ndinalizindikira ndi mabatani ake. Amavala akamaphunzitsa ana kusakaniza mankhwala kusukulu. Zilembo zobiriwira zija anazisula kalekale ndi lezala, koma pathumba timabowo ta singano ya telala uja tikuonekabe munthu akayandikira. Ndinaikapo chala.

"Ba dadi, muzaidesa. Naisita kudala."

Ndinachotsa dzanja.